Nthenga Zakuda M'chipinda cha Mwana Wathu

Akazi anga anazipeza Loweruka m'mawa akukolopa m'nyumba. Ine ndinali kuseri, ndikuthirira mpiru womwe ndimabzala m'ndowa chifukwa dothi la kuno ku Balga, komwe timakhala, ndi mchenga wokhawokha. Anandiitana ndi mawu otsika. Nditalowa ndinawapeza ataima pakhomo la chipinda cha mwana wathu wamkazi, chokolopera chili m'manja, akuloza pawindo.

Pawindopo panali nthenga zakuda, zazitali kuposa za khwangwala, zina zoyera chakumapeto. Panalinso zinthu zouma zonga zitsononkho, zodetsedwa ndi moto, zili ndi timilomo tambirimbiri toyasama ngati tikufuna kunena kanthu. Pakati pa zonsezi panali kabotolo kodzaza ndi zinthu zotuwa.

"Bambo, mukuona zomwe ndikuonazi?" anandifunsa.

Ndinati ndikuona nthenga ndi zipatso za mtengo. Iwo anati sakufunsa za nthenga, akufunsa za m'botolomo. Ndinadziwa zomwe ankaganiza, pakuti nanenso maganizo omwewo anali atandifikira.

Tinabwera ku Perth mwanayu ali m'makalasi oyambirira a pulayimale. Mayi ake ndi namwino, ndipo ntchito yawoyo ndiyo inatibweretsa. Ine ndimasanja katundu m'mashelefu a sitolo ina yaikulu ku Cannington. Mwanayo tsopano ali ku yunivesite, ndipo madzulo amaperekera chakudya mu lesitilanti ina ku Northbridge. Chichewa amamva chonse, ngakhale cha miseche, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno. Tili naye yekhayo.

Anali ndi mnzake, mtsikana wachizungu, yemwe anayamba kucheza naye atangofika. Mtsikanayo anakulira theka m'nyumba mwathu. Ankavula nsapato pakhomo osauzidwa, ankadya usipa womwe alendo amatibweretsera kuchokera kumudzi, ndipo akazi anga ankawaitana kuti amami, potengera mwana wathu. M'miyezi yotentha ya chaka chomwe ndikunenachi mtsikanayo anadzipha. Chifukwa chake palibe anatiuza, ndipo ndikukayika ngati alipo amene akuchidziwa.

Ku maliro mwana wathu ndinamuperekeza ndine. Mayi ake anali pa shifiti, ndiponso anali atanena kuti kwathu maliro otere mpingo suimba, ndiye sakudziwa kuti akakachitako chiyani. Mwambo unachitikira m'holo yaukhondo, yopanda mtanda. Anaonetsa zithunzi pakhoma, anaika nyimbo ya pa wailesi, achibale awiri analankhula, kenako katani inatsekeka n'kubisa bokosi. Wina anandiuza kuti thupi akaliwotcha. Panalibe amene anabuma. Anthu ankangopukuta m'maso ndi timapepala, n'kupita kukamwa tiyi. Mwana wanga anagwira pakamwa ndi dzanja kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'mawa mwake anapita ku ntchito, ndipo ife tinati walimba mtima.

Posakhalitsa anasiya kupita kutchalitchi. Sanakangane ndi munthu. Lamulungu likafika ankavala nsapato zolimba n'kutuluka ife tisanasambe, kubwera masana nsapato zili mchenga. Titamufunsa anati amapita kutchire lina pafupi ndi kwathu, komwe amakumana ndi anthu n'kumawerengerana ndakatulo. Mayi ake anati ndakatulo ndi za kusukulu, sizilowa m'malo mwa Mulungu. Iye anati sananene kuti zikulowa m'malo mwa aliyense. Nkhani inkathera pomwepo sabata iliyonse, mpaka tsiku la kabotolo lija.

Ndisanaganize chonena, akazi anga anali atajambula kale zinthuzo pa foni n'kutumiza kwa amayi busa. Yankho silinachedwe. Anati tisazigwire ndi manja, ndipo mawa akaweruka kutchalitchi abwera ndi amayi a mapemphero kudzamusanjika manja mwanayo. Akazi anga anavala magolovesi a kuchipatala, anaika zonse mu jumbo, namanga kukamwa, n'kukaisiya m'kashedi momwe ndimasungira khasu. Ndi munthu wophunzira kuposa ine, ndipo mitembo waona yambiri. Koma jumboyo anainyamula motalikitsa ndi thupi. Anati ngati mwana akusunga phulusa la womwalira pomwe amagona, ndiye kuti womwalirayo akumuitana.

Mwanayo anabwera chakumasana kuchokera ku laibulale. Analowa m'chipinda mwake, natulukanso nthawi yomweyo. Anafunsa komwe kuli zinthu zake. Mayi ake anamuuza zonse, za jumbo, za amayi busa, za mawa. Ndinkayembekezera kuti akalipa, koma sanatero. Anaima atatsamira firiji, natiyang'ana mmodzimmodzi. Kenako ananena m'Chingerezi, mawu ali pansipansi, kuti amayi amenewo akadzangomugwira pamutu, iye adzanyamula chikwama n'kupita ku Northbridge, komwe anzake a kuntchito ali ndi chipinda chopanda munthu, ndipo m'nyumba muno sadzaponda.

Mayi ake anati mwana saopseza makolo. Iye anati sakuopseza, akungotidziwitsa.

Sindinakayike. Kuno mwana wa msinkhu wake akanena choncho, amachitadi, ndipo palibe malume kapena azakhali okamubweza. Mumpingo mwathu muli banja lina lomwe mnyamata wawo anachoka chonchi. Amakhala mumzinda womwewu, amakwera sitima zomwe timakwera, koma makolo ake amamuona pa zithunzi za pa foni basi.

Madzulo a tsikulo tinadya awiri. Ndinayesa kuwauza akazi anga kuti aimbe foni, awauze amayi busa kuti adikire kaye. Anati iwo sangabweze anthu a Mulungu atawaitana okha, ndipo kuli bwino mwana akwiye ali moyo. Mantha awo anali a mayi, ndipo sindikanawauza kuti ndi opanda pake, pakuti za m'botolo zija nanenso sindinkazidziwa.

Lamulungu m'mawa ndinavala jekete ndi nsapato za kutchalitchi monga mwa masiku onse. Ntchito yanga kumeneko ndi kusanja mipando. Timabwereka tchalitchi cha azungu, chachikulu, cha miyala. Eni ake amapemphera m'mamawa, okalamba ochepa okhala motalikirana, ndipo akatuluka timalowa ife n'kudzaza. Tsiku limenelo ndinawauza akazi anga kuti mipando asanje ena. Ndinakagogoda kwa mwanayo, yemwe tsikulo anali asanatuluke, n'kumupempha kuti anditenge komwe amapitako.

Anafunsa ngati mayi ake andituma. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndikapemphere mokweza pamaso pa anthu. Ndinalonjeza kuti ndikakhala chete. Kenako anayang'ana nsapato zanga zopolishidwa.

"Adadi, kumeneko kulibe kapeti," anatero, ndipo kanali koyamba kumuona akufuna kuseka m'miyezi yambiri.

Tinayenda wapansi. Tchirelo ndi laling'ono, lotsala pakati pa nyumba za anthu, lozunguliridwa ndi mpanda wa waya. Ndinali nditadutsapo kambirimbiri pa basi osaliganizira. Mbali imodzi inapsa m'chilimwe, ndipo mitengo inali chiimire yakuda, koma pansi pake patamera tinthu tobiriwira. M'nthambi ndinaona zitsononkho zija za timilomo, zambirimbiri, zina zitagwera m'njira. Mwana wanga anati mtengowo amautcha bankisiya. Ndinatola chimodzi, ndinachitembenuza, n'kuchibwezera pansi.

Anthu sanali ambiri. Panali mayi wina wokalamba wa chipewa chachikulu, bambo wina wa manja a ntchito yemwe ankaoneka ngati womanga nyumba, achinyamata angapo, ndi mayi wina woonda yemwe ndinamuzindikira mochedwa. Anali mayi a malemu uja. Anandipatsa moni wa m'manja, nandithokoza chifukwa chobwera, ngati kuti ndinaitanidwa.

Onse anaima mozungulira pamchenga. Ndinadikira kuti wina atsegule ndi pemphero, koma panalibe. Anangokhala chete, nthawi yaitali ndithu, mpaka ndinayamba kumva magalimoto a kumsewu ndi tizilombo ta m'udzu. Ndinavula chipewa. Sindinadziwe kuti ndikuvulira ndani, koma mutu unakana kuchisunga.

Bambo uja ndiye anayamba. Anatulutsa foni nawerenga za dambo lomwe ankagwirako achule ali mnyamata, lomwe tsopano ndi poimika magalimoto, ndipo iye mwini anathira nawo konkire. Atamaliza palibe anaomba m'manja. Wachinyamata wina anawerenga za nyerere, zomwe sindinazimvetse bwino. Mayi wa chipewa anawerenga za mbalame yomwe imafika pampopi wake m'mawa, momwe imapendeketsera mutu, mtundu wa diso lake, momwe imasiyira madzi akugwedezeka. Zinali zimenezo basi. Chingerezi ndimachimva, ngakhale cha ndakatulo chimandithawa pena. Ndinatchera khutu kuti ndimve ngati atchule Mulungu, kapena mizimu, kapena dzina lina lililonse loti ndikauze akazi anga. Sanatchule. Koma anaima momwe anthu amaimira pa mgonero, mitu ili pansi.

Ndinali ndi mantha a mtundu wina tsopano. Ufiti ndikanaudziwa pothawira. Izi sindinkadziwa kuti ndizitche chiyani. Anthu akuluakulu, ovala bwino, ataima m'tchire lopsa Lamulungu m'mawa n'kumauza mitengo zakukhosi, tchalitchi chawo chili pafupi chopanda anthu.

Kenako inafika nthawi ya mwana wanga. Sanandiyang'ane. Analakatula pamtima, manja ali m'thumba. Anayamba ndi chipatso cha bankisiya, kuti chimatha zaka chili chitsekere pakamwa, mbewu zili m'kati, osatsegulira mvula kapena dzuwa, mpaka moto utadutsa. Anafotokoza kulemera kwake m'dzanja, fungo lake, ndi makala omwe chimasiya m'zala. Kenako mawu anakhotera kunyumba. Anati m'nyumba ya bambo ake munalira anthu tsiku lathunthu chifukwa cha nkhalamba ya kutali yomwe iye sanaionepo, mipando yonse itatulutsidwa panja, iye akuzungulira ndi thireyi ya tiyi. Koma pomwe anamwalira yemwe ankagona naye bedi limodzi, mipando sinasunthe.

Nkhalamba imeneyo ndinaikumbuka. Anali malume a mnzathu wina wa mumpingo, anamwalira ku Ntcheu. Mnzathuyo amakhala m'kafulati kakang'ono, ndiye maliro tinakhalira kwathu. Ndi momwe timachitira kuno. Uthenga ukabwera kuchokera kumudzi, timasonkhana kwa wina, timatulutsa mipando pabalaza, amayi amakhala pansi ndi wofedwa, abambo panja, ndipo timaimba mpaka tsiku loika. Womwalirayo sitifunsa ngati tinkamudziwa. Timapita chifukwa cha wotsalayo.

Asanamalize kunamveka phokoso kumwamba. Zinali zinkhwe zakuda zija za kuno, zikuluzikulu, gulu lonse likuuluka mwaulesi kudutsa pamwamba pathu. Kulira kwake n'kokoka, kosweka kumapeto. Ndinali nditazimva kangapo ndili pa siteshoni, osalabadira. Tsiku limenelo zinandikumbutsa amayi akamalowa pamudzi pa maliro, akadali patali ndi nyumba. Anthu onse anakweza mitu. Mayi a malemu anatseka maso. Nthenga imodzi sinagwe, koma ndinadziwa komwe zija za pawindo zinachokera.

Atabalalika, mayi wa chipewa anabwera kudzandilankhula. Anayamba ndi kuyamikira jekete yanga, nati tchire limeneli silinalandirepo ulemu wotere. Ndinamufunsa, mosamala, ngati zimenezi ndi chipembedzo. Anaseka pang'ono. Anati iye ankaimba limba m'tchalitchi zaka zambiri, mpaka anthu anatha, nyumbayo n'kugulitsidwa, ndipo tsopano amagulitsiramo khofi. Anati masiku ano sadziwa woti alankhule naye, ndiye amangoyesetsa kunena zoona za mbalame imodzi, ndipo akamatero mtima umaleka kudzizungulira kwa kanthawi. Anafunsa ngati ine ndimadziwa yemwe ndimalankhula naye ndikamapemphera. Ndinati ndimadziwa. Anati ndisunge bwino zimenezo.

Mayi a malemu ananditengera pansi pa mtengo wina waukulu womwe moto unaulambalala. Anati phulusa la mwana wawo analimwaza pamenepo, chifukwa ankakonda kukhalapo ndi mwana wanga akaweruka kusukulu. Panalibe mwala, panalibe mtumbira. Ndinayang'ana pansi. Mchenga wa kuno ndi wotuwa, ndipo ukauma sungausiyanitse ndi phulusa.

Pobwerera ndinamufunsa mwanayo za m'botolo. Anaima m'njira.

"Ndi mchenga, adadi. Wa pomwe ndimakhala. Mumaganiza kuti ndi chiyani?"

Anamvetsa yekha kuti tinkayesa phulusa la mnzake. Anagwira pakamwa ngati tsiku la m'holo lija. Kenako anati zilibe kanthu, amayi aja akubwerabe, ndipo iye akukalongedza.

Titafika analowa m'chipinda natseka chitseko. Ndinamva zipi ya chikwama ndi mahang'ala akugundana. Ndinayang'ana wotchi. Kutchalitchi anali atatsala pang'ono kuweruka. Kuimba foni sikukanathandiza, akazi anga amaizimitsa. Kuwabweza amayiwo pakhomo kukanakhala kunyoza akazi anga pamaso pa mpingo, ndipo akanabweranso tsiku lina ine ndili ku Cannington. Ndinaima pabalaza osadziwa chochita, ndikuyang'ana mipando.

Ndinavula jekete. Ndinayamba ndi mipando ya patebulo, kenako tebulo, kenako ka tebulo ka maluwa. Sofa inandivuta. Ndinaiimika chammbali, ndinaikoka pang'onopang'ono mpaka inatuluka pakhomo la kumaso, itakanda penti. Wailesi ya kanema ndinaiphimba ndi chitenje. Pansi ndinayala mabulangete ndi zitenje zina zomwe ndinapeza m'kabati. Kenako ndinakatenga jumbo ija m'shedi n'kuiika pakona. Mwanayo anasuzumira kamodzi atamva kukokedwa kwa sofa, koma sanafunse.

Amayi aja anabwera pa magalimoto awiri. Kutsogolo kunali amayi busa, Baibulo lili m'khwapa, ndipo ndinkadziwa kuti m'kachikwama kawo muli kabotolo ka mafuta odzozera. Pambuyo pawo akazi anga, ndi amayi ena a mapemphero. Womaliza anali mayi wina wachikulire wa ku Zambia, wosamalira okalamba, yemwe amapemphera nafe chifukwa cha chilankhulo. Ataona sofa pakapinga anachepetsa liwiro. Atalowa n'kupeza pabalaza pali mbee, anaima onse. Palibe Mmalawi amene sadziwa tanthauzo la chipinda chotere.

Akazi anga anagwira khoma. "Bambo, kwagwanji? Ndi amayi kumudzi?"

Ndinafulumira kuwauza kuti kumudzi kuli bwino. Kenako ndinagwada mmene amagwadira abambo pakhomo la kukhitchini, ndinaomba m'manja pang'ono, n'kulankhula monga amalankhulira wopereka uthenga wa zovuta.

"Zikomo amayi. Pakhomo pano pali maliro. Mwana wathu anataya mnzake yemwe anakula naye m'nyumba muno, ndipo mpaka lero sanapepesedwe. Mwabwera, ndiye tati mukhale naye."

Amayi busa ndi munthu wofatsa, koma sasunthika msanga. Anati amva, ndipo ndi zachisoni, koma iwo anaitanidwira nkhani ina. Anafunsa komwe kuli zinthu zija. Ndinamasula jumbo ndi manja anga, ndinatulutsa nthenga ndi zipatso n'kuziyala pa bulangete. Mayi wina anabwerera m'mbuyo. Ndinatsegula kabotolo, ndinathira pang'ono padzanja, n'kuwauza kuti ndi mchenga, ndipo wina ngati womwewo uli m'nsapato zangazi. Ndinawauza komwe ndinali m'mawa ndi zomwe ndinaona, mwachidule, osawonjezera.

Amayi busa anati woipayo sagwiritsa ntchito zinthu zazikulu zokha, ndipo mwana amene wasiya nyumba ya Mulungu n'kumakaima m'tchire ndi anthu osapemphera ali pangozi, kaya m'botolo muli mchenga kaya chiyani. Anawonjezera, motsitsa mawu, kuti ndikudziwa ndekha za maliro a munthu wochoka mwa njira imeneyo. Ndinati ndikudziwa, ndipo sindikupempha nyimbo. Ndikupempha kuti akhale pansi.

Nthawi imeneyo chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Mwanayo anaima pakolido, chikwama chachikulu chili paphewa, makiyi ali m'manja. Kuti atuluke ankayenera kudutsa pakati pa amayiwo. Amayi busa anatembenuka, ndipo ndinaona dzanja lawo likupita ku kachikwama. Akazi anga ankayang'ana chikwama cha mwanayo, milomo ikuyenda popanda mawu. Ine ndinali chigwadire, mchenga uli m'manja.

Amene anasuntha anali mayi wa ku Zambia uja. Anavula nsapato, anamasula chitenje m'chikwama nachimanga m'chiuno, n'kudzigwetsa pa bulangete akubuula ndi mawondo.

"Ine nalema kuimilila, myendo yanga si ya mpingo," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Iwe mwana, faka chola pansi, bwela unkale apa. Munzako uja zina yake enze ndani?"

Mwanayo sanasunthe msanga. Anayang'ana amayi busa, anayang'ana ine. Kenako anatchula dzinalo. Linali lisanatchulidwe m'nyumba mwathu chichokereni ku holo kuja.

Akazi anga ndiwo anayamba. Anakhala pansi pomwe anaima, nabuma, kubuma kwenikweni kwa kwathu, komwe sindinawamvepo chibwerereni kuno. Ankamuitana malemuyo, akumufunsa chifukwa chomwe sanabwere kudzawauza, pomwe ankadziwa kuti pakhomo pano satseka. Ankatchula mbale yake, ndi tsitsi lake lomwe linkakana kulukidwa. Amayi ena anakhala pansi mmodzimmodzi, nalandira kulirako. Chikwama chinatsetsereka paphewa la mwanayo n'kugwera pakolido. Mayi wa ku Zambia anamukoka dzanja namukhazika pakati pa iye ndi mayi ake. Dzanja lija silinapitenso pakamwa.

Amayi busa anatsala chiimire okha kwa kanthawi. Kenako nawonso anavula nsapato. Sanayambitse nyimbo, ndipo palibe anaiyambitsa. Ine ndinatuluka, pakuti malo a abambo ndi panja.

Ndinakhala pa sofa pakapinga, ndekha, dzuwa likundiwomba. Mzungu woyandikana nafe anasuzumira pampanda nafunsa ngati sofayo ndikutaya, chifukwa mwana wake akufuna ina. Ndinati ayi, tili ndi maliro. Anapepesa, nafunsa kuti wamwalira liti. Nditamuuza kuti m'chilimwe, anandiyang'ana modabwa, nabwerera m'nyumba mwake. Patapita nthawi mkazi wake anabweretsa mbale ya mabisiketi n'kuisiya pa sofa.

Amayiwo anakhala mpaka dzuwa litapendeka. Akazi anga anandiuza pambuyo pake kuti amayi busa anapemphera mwachidule asananyamuke, kupempherera otsala, manja ali pa Baibulo lawo. Mafuta sanatuluke m'kachikwama. Mayi wa ku Zambia anapempha mwanayo kuti anene ndakatulo yake ija, ndipo ananena. Ambiri sanaitsate bwino. Mayi wina anafunsa ngati mtengo umenewo uli ndi mankhwala a mutu. Potsanzikana, amayi busa anandiuza pa geti kuti nkhaniyi sinathe, ndipo apitiriza kumukumbukira mwanayo. Ndinawathokoza, ndipo ndinathokoza moona.

Chikwama chinakhala pakolido masiku angapo. Tonse tinkachilambalala popita kubafa, osachitchula. Tsiku lina ndikuchokera ku ntchito ndinapeza palibe, ndipo ndinayesa kuti wapita mpaka nditaona zovala zake pachingwe kuseri.

Kutchalitchi sanabwerere. Mayi ake amadandaulabe, ndipo amayi busa amandifunsa za iye nthawi zonse ndikamasanja mipando. Nthenga ndi zipatso zija akazi anga anakana kuti zibwerere m'chipinda chogona. Zili pakhonde, pa shelefu yomwe ndinakhoma, pamodzi ndi kabotolo. Ine kutchire kuja ndinapitako kamodzi kokha kena, nditavala nsapato za ku ntchito. Mpaka pano sindidziwa amene anthu aja amalankhula naye, ndipo ndimawaganizira ndikaona mabenchi a eni tchalitchi ali opanda anthu.

Masiku ano Lamulungu timatulukira pakhomo limodzi. Pa geti ife timakwera galimoto, iye amakhotera kumanzere wapansi. Tikamabwerako masana timamupeza atakhala pa sitepe, akugunditsa nsapato kuti mchenga ugwe, ndipo mayi ake amamukalipira kuti akakutumulire kutali ndi pomwe akolopa.